Mkonono wa Amalume Unafika ku Mgona

Achimwene anga ankakonza mawailesi ndi masipika pakhonde la nyumba imene tinkachita lendi ku Biwi. Ine ndinkasoka, ndipo ndimasokabe. Khondelo tinaligawana pakati, iwo mbali ya kumsewu ndi tebulo lawo lodzaza mawaya, ine mbali ya kumpopi ndi makina anga opalasa ndi mwendo. Munthu wobwera ndi wailesi yakufa ankachoka atasoketsanso zipi, wobwera ndi diresi ankafunsa ngati foni yogwera mu ndowa ingadzuke.

Chaka chimene ndikunenachi achimwene anagula kakiyibodi ka ana pa kaunjika wa zidole mumsika wa Kawale. Kanali kofiira, ukadina batani lina kankalira ngati bakha, ukadina lina ngati mphaka. Iwo ankangofuna kasipika kake. Koma atakatsegula kumimba mabatire ali momwemo, chala chawo chathukuta chinakhudza timawaya tiwiri, ndipo kakiyibodi kaja kanalira kulira kumene ndinali ndisanamvepo. Kanayamba ngati wezulo wa apolisi a pamsewu, kenako mawu anatsika pang'onopang'ono mpaka kukhala ngati ng'ombe yogwera m'chitsime. Achimwene anayang'ana chala chawo nthawi yaitali. Kenako anachinyambita n'kukhudzanso.

Kuyambira tsiku limenelo mawailesi a anthu anayamba kugonera. Achimwene anatenga dilowa ya kabati yothyoka, anaikamo matumbo a kakiyibodi kaja, anaboola mabowo n'kulowetsamo zopotokola zisanu zochotsa ku mawailesi amene eni ake anawataya mtima. Pamwamba anakhomapo misomali iwiri yoti uzigwira ndi zala, ndipo ukaifinya kwambiri mawu ankanjenjemera. Anthu a pamalopo anachipatsa dzina loti chibokosi. Mayi wina woyandikana nafe analetsa ana ake kuchiyandikira.

Chinthu chimene ine ndinachikonda chinali chaching'ono kuposa zonsezi. Anachotsa kachitsulo kozungulira ngati khobidi m'wotchi ya alamu, n'kukawotcherera ku waya wautali. Kachitsuloko sikankamva mawu a mumphepo ngati maiki wamba, kankamva kunjenjemera kwa chinthu chimene wakamatapo. Anakamata ndi selotepi pa makina anga. Ndikapalasa, tcheketcheke wa makinawo ankalowa m'chibokosi n'kutulukira ku sipika ali ng'oma yeniyeni. Ndikasoka mpendero wa chitenje, achimwene ankati, "Chepetsa liwiro pang'ono." Ndikafika pokhota pa kolala ankadandaula kuti ndawawonongera biti. Zonsezo ankazijambula mu laputopu yakale yong'aluka galasi, koma sankalola munthu aliyense kutenga kanthu. Ukawapempha ankangoti, "Sinapse."

Mwezi womwewo kunabwera amalume kuchokera ku Ntcheu. Mng'ono wanga wina, mwana wa amayi aang'ono a ku Eriya 23, anali atapeza mwamuna, ndipo amalume monga nkhoswe anabwera kudzamva mawu a akuchimuna. Anafikira kwathu. Amalume anali aphunzitsi aakulu a pulayimale opuma pantchito, komanso mkulu wa mpingo. Ngakhale kukhale dzuwa loswa mtengo, jekete sankavula. Anayang'ana chibokosi tsiku loyamba, anamvera pang'ono, anati, "Sukulu yonse ija inathera apa," n'kupempha madzi osamba.

Panali chinthu chimodzi chimene banja lonse linkachidziwa koma amalume okha sankachivomera: ankaliza mkonono. Azakhali, akazi awo, anali atawauza zaka zonse za ukwati wawo, iwo n'kumakana ngati akuwanamizira ufiti. Ngakhale zoti amagona masana sankavomera. Akadya chamasana ankatulutsa mpando wandalema, n'kuuika pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa khonde, nyuzipepala pachifuwa, n'kunena kuti, "Ndikungopumitsa maso." Pasanathe mphindi zisanu, nkhuku zinkasamuka.

Mkononowo unali ndi dongosolo lake. Unkayamba ndi kukoka kwautali kochokera pansi pa mimba, ngati lole ikukwera chitunda. Kenako unkaima. Unkaima nthawi yoti munthu wachilendo angadzuke kukaona ngati bamboyo akadali moyo. Ukangoti uimirire, mpweya unkatuluka ndi kamluzu kakang'ono kaulemu, ngati ketulo ikuyamba kuwira.

Maganizo anali anga, sindingawanamizire achimwene. Tsiku lachitatu ndinamatula kachitsulo kaja pa makina anga, ndinavula masilipasi, ndinayenda monyang'ama mpaka kuseri kwa mpando, n'kukamata pa thabwa limene amalume anatsamirapo mutu. Waya ndinaukwirira ndi masamba. Nditabwerera pakhonde, achimwene anali atavala kale zomvera m'makutu, maso ali tong'o.

"Iwe," anatero monong'ona, "besi imeneyi ngakhale ku sitolo sungaipeze."

Tinajambula masiku atatu. Tsiku loyamba tambala wa eni nyumba analira pafupi n'kuwadzidzimutsa. Lachiwiri mayi wogulitsa bonya anaima pageti n'kuitanira malonda mpaka amalume anatembenuka. Lachitatu kunali bata, magetsi analipo, ndipo amalume anali atadya nyemba. Achimwene anasunga zojambulazo ndi mayina osavuta: amalume 1, amalume 2, amalume 3.

Zokambirana za ku Eriya 23 zitatha, amalume anabwerera kumudzi, atagwirizana ndi akuchimuna kuti chinkhoswe chidzachitike pakatha miyezi iwiri. Achimwene anakhala sabata yathunthu pa amalume 3. Anadula mkonono uja, anaubwereza, pansi pake anayala tcheketcheke wa makina anga, pamwamba n'kumadutsitsa kulira kwa ng'ombe ya m'chitsime ija. Poima paja sanapakhudze. Zonse zinkangoti zii pamodzi ndi amalume, kenako kamluzu, kenako ng'oma zonse n'kugwa nthawi imodzi. Ine ndinapezeka ndikuvina ndi sizasi m'manja.

"Ndipatseni," ndinatero.

"Sinapse."

Ndinadikira tsiku limene anapita ku tauni kukagula mtovu wowotcherera. Laputopu anaisiya yoyaka. Ndinayatsa bulutufu pa foni yanga, ndipo nyimbo inalowa mosavuta ngati inali kundidikira. Ndinatumizira munthu mmodzi yekha, mnzanga woluka tsitsi ku Kaliyeka, ndipo ndinamulembera kuti asapatse aliyense. Iye anayankha kuti, "Ukundidziwa ine." Ndinkamudziwadi, ndiye sindinganene kuti ndinadabwa.

Mnzangayo ankailiza mu saluni, ndipo mayi aliyense wokhala pansi maola atatu akulukidwa ankachoka nayo mu foni. Wina anaiponya pa gulu la pafoni la amayi ogulitsa zaunjika. Wina anapita nayo kwa mkulu wa kabenchi ka mumsika wa Kawale, amene amaikira anthu nyimbo mu memore kadi, ndipo iye anayamba kuiika ngati basela kwa aliyense. Poti inalibe dzina lina, anthu ankaitchula momwe inalembedwera, Amalume Fili. Ena ankamuvutitsa mkulu wa pabenchiyo kuti awapezere woyamba ndi wachiwiri.

Achimwene anaimva koyamba pa njinga yamoto ya kabaza imene inadutsa pamsewu wathu, kasipika kali lende pa chiwongolero. Anali akuwotcherera. Anaika chowotchereracho pansi bwinobwino, anatembenuka, n'kundiyang'ana. Ine ndinali kufunafuna ulusi umene unali m'manja mwanga.

Masiku awiri sanandilankhule. Chimene chinawapweteka sichinali kuba kwanga ayi, koma kuti chakumapeto kwa nyimboyo kunali malo ena amene besi inkaphimba makina, ndipo tsopano Lilongwe yense ankamva cholakwikacho. Tsiku lachitatu, akumwa tiyi, anafunsa osandiyang'ana, "Mu minibasi imamveka bwanji?" Ndinawauza kuti ndinaimva popita ku Eriya 25, ndipo poima paja kondakitala nayenso analeka kuitanira. Masana ake anatseka tebulo lawo n'kukakwera minibasi popanda kumene ankapita.

Za amalume tinali titaiwala, kapena tinkachita dala kuiwala. Ku Ntcheu ndi kutali, tinkatero, ndipo foni yawo ndi ya mabatani.

Tsiku la chinkhoswe linafika. Mwambo unachitikira pabwalo la nyumba ya amayi aang'ono, atamanga matenti awiri, akuchimuna uku, akuchikazi uku. Madiresi a chitenje chofanana a akuchikazi ndinasoka ndine, ndiye ndinali wotanganidwa kuona ngati pali zipi imene yandichititsa manyazi. Amalume anali atabwera dzulo lake, ulendo uno ndi azakhali. Azakhali ndi mayi wochepa thupi, wosalankhulalankhula, amene amatha kukhala pamwambo tsiku lonse osaseka koma akuona chilichonse.

Itakwana nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo anaitana magulu mmodzimmodzi. Kenako anati, "Tsopano tione amalume ake a mtsikanayu, eni mbumba. Adijeyi, tipatseni yoyenera amalume."

Mnyamata wa zoimbirayo sanaganize kawiri.

Ndinamva tcheketcheke wa makina anga akutuluka m'masipika aakulu ngati zitseko. Ndinayang'ana achimwene. Iwo anali atayamba kale kuwerenga mizere ya tenti. Achinyamata anakuwa n'kuthamangira pabwalo. Amalume anadzuka, anakonza jekete, anatulutsa ndalama zawo zosinthasintha, n'kulowa pakati ndi kavinidwe kawo ka chingoni, kuponda pansi mwamphamvu, mutu uli chilili. Lole ija inakwera chitunda. Kenako zii. Bwalo lonse linauma, wina mwendo uli m'mwamba, wina dzanja lili mu lichero. Amalume anaona anzawo aima, nawonso anaima, akumwetulira. Kamluzu kanalira, ng'oma zinagwa, ndipo amalume anaponda pansi mpaka fumbi, n'kuponya ndalama ziwiri nthawi imodzi.

Azakhali sanadzuke. Anali atapendeketsa mutu ngati nkhuku yomva kabawi. Poima pachiwiri anatseka maso, milomo ikuyenda ngati akuwerenga. Kamluzu katalira anatsegula maso, ndipo sanafunefune, anangoyang'ana kumene ndinaima ine. Anandikodola ndi chala chimodzi.

Tinakumana kuseri kwa tenti, pafupi ndi miphika ya mpunga.

"Awo ndi amalume ako," anatero. Silinali funso.

"Azakhali, ndi makina chabe a achimwene, amatha kupanga mawu osiyanasiyana."

"Mwana iwe, ine kaimidwe kameneko ndakhala ndikukawerenga kuyambira iwe usanabadwe, kuti ndidziwe ngati ndatsala wamasiye kapena ayi. Kamafika pa seveni."

Ndinayang'ana pansi. Ndinayamba kukonza mawu opepesa, koma ndinamva akumasula mfundo ya chitenje. Anatulutsa kafoni kawo, anachotsa chivindikiro chakumbuyo, n'kundionetsa pamene pali memore kadi.

"Undiikire umu. Ndipo uikenso yopanda ng'omazo, ndikufuna kuwamva iwo okhaokha."

M'mawa mwake tinali tonse pakhonde ku Biwi, tikumwa tiyi ndi mbatata. Amalume anali okondwa, mwambo unayenda bwino, akuchimuna anaona kuti mbumba ili ndi mwini. Azakhali anadikira mpaka amalume atathira shuga, kenako anaika kafoni patebulo la achimwene n'kudina. Inayamba ndi ya ng'oma ija.

"Eya, ya dzulo ija," anatero amalume. "Ana a masiku ano mawu alibe, koma iyi yokha ili ndi mphamvu."

"Woimbayo mukumudziwa, abambo?"

"Ndingamudziwe bwanji ine?"

Azakhali anadinanso. Tsopano panalibe ng'oma, panalibe makina, koma lole yokhayokha, poima, ndi kamluzu. Inabwereza katatu. Kenako kunamveka kukhosomola, mpando kulira, ndi mawu odziwika bwino akuti, "Ndani wandichotsera nyuzipepala?"

Palibe anaseka. Achimwene anali akupukuta sikuludilaiva yoyera kale. Amalume anaika kapu pansi, anayang'ana chibokosi, anayang'ana ine.

"Bokosi limeneli," anatero pang'onopang'ono, monga ankafotokozera masamu, "limatenga makina osokera n'kuwasandutsa ng'oma. Si choncho?"

"Ndi choncho, amalume," anayankha achimwene.

"Ndiye lingalephere bwanji kutenga kupuma kwa munthu wamba n'kukusandutsa mkonono?"

Azakhali anangoti, "Hmm," n'kubweza kafoni mu chitenje.

Koma tsiku limenelo amalume sanatulutse mpando wandalema. Atadya anakhala pa mpando wowongoka m'nyumba, jekete lili pathupi, akulimbana ndi tulo. Ndinawaona kudzera pawindo mutu ukugwa, iwo n'kuudzutsa, ukugwanso. Zinandikhudza. Ndinalowa, ndinagwada pafupi nawo, ndipo ndinawauza kuti kachitsulo ndinamata ndine, nyimbo ndinatulutsa ndine, achimwene analetsa.

Amalume anandiyang'ana. Kenako anati, "Munthu akagona amakhala wasiya zonse m'manja mwa eni nyumba. Ine ndinagona pakhomo pa ana a mlongo wanga." Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandikalipira.

Achimwene nawo analowa, anapepesa, anati afufuta zonse mu laputopu.

"Ndi mu minibasi momwe mufufuta?" anafunsa amalume.

Amalume ndi azakhali anayenera kunyamuka Lachitatu. Lachiwiri masana mnzanga wa ku Kaliyeka uja ananditumizira kavidiyo, atalemba kuti, "Taona wakuba uyu." Munali mnyamata wa ku Mgona, magalasi akuda, tcheni m'khosi, ataima kutsogolo kwa khoma lopakidwa utoto. Ankauza anthu kuti Amalume Fili ndi nyimbo yake, anaipanga yekha, ndipo besi imene anthu akuifunsa imachokera pakhosi pake. Pofuna kutsimikiza, anatseka maso n'kuliza mkonono pamaso pa kamera. Anthu ambirimbiri anali atamuyamikira kale m'munsimo.

Achimwene anaonera kawiri, nkhope itagwa. Ine ndinayamba kulalata. Phokosolo linawatulutsa amalume m'nyumba.

"Kwagwanji?"

Ndinawapatsa foni. Anavala mandala awo, anaitalikitsa, anaonera mpaka kumapeto. Anandiuza kuti ndibwerezenso. Mnyamata uja atafika poliza mkonono, amalume anagwedeza mutu.

"Akunama uyu. Akuthamanga. Pokoka paja pamafunika kuchokera pansi, iyeyu akukokera pakhosi. Ndipo poima sanaime n'komwe. Kamluzunso kamatulukira m'mphuno, osati pakamwa ngati akuitana galu."

Azakhali anali pamkeka akusankha mpunga. Sanadzutse mutu.

"Mwadziwa bwanji, abambo?"

Amalume anavula mandala, anawapinda, anawalowetsa m'thumba la jekete. Anatenga nthawi yawo yonse.

"Ndinaphunzitsa kwaya zaka zambiri," anatero. Kenako anatembenukira kwa achimwene. "Iwe, ntchito ndi yako. Usalole munthu akolole pamene sanalime. Umuyankhe."

Tinajambula kavidiyo kathu tsiku lomwelo, ine nditagwira foni. Achimwene anaonetsa chibokosi, zopotokola, misomali, ndi kachitsulo ka pa makina anga, ndipo analankhula mwamanyazi moti theka la mawu awo linamezedwa ndi njinga zodutsa. Amalume anakana kuonetsa nkhope. Analola kuti tijambule mpando wandalema uli wopanda munthu, ndipo atauona pa foni anati ukuoneka ngati wa malemu, ndiye anakhalapo n'kulola kuti tionetse nsapato zawo zokha. Anazipukuta kaye.

Kavidiyo kathu sikanayende ngati ka mnyamata wa ku Mgona. Mpaka lero mukafunsa ku Mgona adzakuuzani kuti nyimboyo ndi yake, ndipo ndinamva kuti anaitanidwapo ku maukwati angapo kukaliza mkonono pa maiki. Komabe anthu ena anakaona. Kunabwera anyamata awiri a ku Chinsapo ndi mtsikana wina woimba kiyibodi ku tchalitchi ku Eriya 24, aliyense atanyamula chidole chake cha pa kaunjika, kudzapempha achimwene kuti awatsegulire kumimba. Loweruka masana khonde lathu linkalira ngati khola la nyama zosadziwika, ndipo ine ndinasamutsira makina anga m'nyumba.

Azakhali ankandiimbira nthawi ndi nthawi. Anandiuza kuti anawamvetsera amayi anzawo a kumpingo, mmodzimmodzi, aliyense atalonjeza kuti sauza munthu. Anandiuzanso kuti amalume akamva anthu akukamba za nyimboyo amangoti mwana wa mlongo wawo ndi injiniya ku Lilongwe, za woimba besi satchula.

Mvula itayamba, sipika ya ku tchalitchi kwa amalume inapsa. Amalume anaimbira achimwene kuti apite akaikonze, adzagona kwawo masiku awiri, koma anaika lamulo limodzi, loti chibokosi chitsale ku Biwi. Achimwene anavomera, ndipo chinatsaladi, ndinachifunditsa chitenje ndekha. Jekete la achimwene la paulendo linali long'ambika thumba, ndiye anandipatsa kuti ndisoke. Nditasoka ndinaikamo kachitsulo kaja ndi waya wake, ndinawapatsa, n'kuwaperekeza pokwerera minibasi.